Galu Amene Anadwala Nditangobatizidwa

Moni okhulupirira anzanga a kuno kuphiri la Ntchisi, ndi inu a kwa Dzoole amene kalatayi idzakufikeni. Ndine Rute Nabanda. Kulemba sindidziwa, akulemba ndi aphunzitsi athu, ine ndikungoyankhula. Nkhani yanga ndi ya galu wodwala, ndipo ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Sekani, koma galu ameneyu anatsala pang'ono kundibweza pa njira ya Mulungu.

Amuna anga popita ku Halale kukafuna ntchito anandisiyira mwana wa kumsana, munda wa m'mphepete mwa nkhalango, ndi galu wawo Alekeni. Tsiku lonyamuka za ine sananene zambiri. Anagwira galuyo m'makutu nkunena kuti, "Nabanda, ameneyu ndidzampeze." Zinandipsetsa mtima, koma chimanga chitayamba kukhwima ndinamvetsa. Anyani akamatsika m'phiri amayambira munda wathu, ndipo anyani saopa mkazi. Ukawagenda amangokuyang'ana nkupitiriza kuthyola. Koma Alekeni akauwa kamodzi, gulu lonse linkathawira m'mitengo.

Chaka chachiwiri amuna anga ali kumeneko, ndinatsiriza kalasi nkubatizidwa. Titabwerako kumishoni tinapha mbuzi pasukulu, tinadya, tinaimba mpaka mawu kusasa. Amayi anga sanabwere. Atsibweni anga, a Chimtengo, mlenje wa nguluwe komanso mkulu wa kudambwe, sindinawaitane nkomwe. Ndinali nditasiya kuwapatsa moni, ndipo tsiku lina ndinawauza pamaso pa anthu kuti akununkha utsi wa ku Gehena. Chikhristu changa chinali chatsopano, ndipo chambiri chinali pakamwa.

Phwando la ubatizo lija litatha, m'mawa mwake Alekeni anakana kudya. Ankafika pa chakudya, nkununkhiza, nkubwerera akulira. Dovu linayamba kutuluka, ankadzikanda kukamwa ndi miyendo, nkumapukusa mutu ngati muli njuchi. Pasanathe masiku atatu mudzi wonse unali utagamula kuti ndi chiwewe. Ndinammangirira pamtengo kuseri kwa nkhokwe, ndipo phala lamadzimadzi ndinkamkankhira ndi nsungwi yaitali. Ankanyambita pang'ono nkusiya. Nthiti zinayamba kuwerengeka, ubweya unathothoka, fungo la m'kamwa mwake linkafika pakhomo. Ndikamadutsa ankayesa kugwedeza mchira, ine nkuyang'ana kumbali.

Ngati zimenezo zinachepa, mphaka wathu nayenso anaonda nkusowa.

Anyani sanachedwe kudziwa. Ndinkalawirira kumunda mame asanaume, mwana kumbuyo, nkumathamanga uku ndi uku ndikukuwa. Ndikathamangitsa a kumtunda, a kumunsi alowa. Madzulo ndinkabwera mawu atatha, madzi osatunga, nkhuni palibe, galu akubuula kuseri. Abale anga, ndinatopa. Kutopa kwake kunali kofika m'mafupa, koti ukakhala pansi umaiwala chimene unakhalira. Mbali yonse ya kumtunda kwa munda inatsala mapesi okhaokha.

Amayi ankabwera tsiku ndi tsiku ndi mawu amodzimodzi. "Iwe, taganiza. Wathiridwa madzi a azungu lero, mawa galu wadwala. Zachoka pa galu zapita pa mphaka. Watsala ndani m'nyumbamo? Tenga ufa ukapepese makolo patsinde pa msolo, zisanafike pa mwanayo." Sankanena mwankhanza ayi, ankanena akulira, ndipo chimenecho ndicho chinandilemera. Amuna a m'mudzi nawonso anati galuyo aphedwe asanadule chingwe nkuluma ana. Ndinawapempha kuti adikire, iwo anati malire ndi Loweruka.

Pano ndiulule, chifukwa umboni wobisa ndi bodza. Lachisanu masana ndinatapa ufa m'kansengwa, nkuuphimba ndi nsalu, nkuyamba njira ya kumsolo. Ndinangofika pakati. Ndinakhala pansi m'njira momwemo. Pemphero langa silinali lokoma ngati a m'buku. Ndinati, "Ambuye, ndatopa. Galuyu si wanga, ndi wa mwini wake, ndipo anati adzampeze. Ngati mulipo, tumizani mzungu wa kumishoni woyenda ndi bokosi la mankhwala adutse kuno." Ndinabwerera ndi ufa wanga, osati chifukwa cholimba mtima, koma mphamvu zopitira patsogolo zinali zitatha.

Loweruka m'mawa mzungu sanabwere. Anabwera atsibweni, mkondo uli m'manja, popeza ntchito yopha galuyo amuna a m'mudzi anaipereka kwa iwo. Anangondidutsa pakhomo, ine manyazi atandigwira. Anapita kuseri kwa nkhokwe, ine ndikutsatira. Alekeni anali akunyambita madzi m'phale. Atsibweni anaima nthawi yaitali akungomuyang'ana.

"Wadwala masiku angati?" anafunsa osatembenuka.

"Masabata awiri akwana ndi kupitirira, atsibweni."

"Ndiye ndani anakuuza kuti ndi chiwewe? Wachiwewe bwenzi titamtaya kalekale. Ndipo taona, akundigwedezera mchira." Anazika mkondo pansi. "Unamuyang'ana m'kamwa?"

Ndinati ayi. Masiku onsewo ndinali nditampempherera, nditamlirira, koma osamgwira ndi dzanja ngakhale kamodzi.

Anathyola kamtengo, nkumpana galuyo pakati pa maondo awo. "Tagwira miyendo yakumbuyoyo." Ataona ndikubwerera m'mbuyo anati, "Si iwe unkati Akhristu saopa kanthu?" Ndinagwira. Anampingasa kamtengoko m'kamwa, nkulowetsa zala. Alekeni analira kulira kumene sindidzaiwala, kenaka atsibweni anatulutsa kanthu kakuda konunkha. Linali fupa, linapingasa kumwamba m'kamwa pakati pa mano a m'mbuyo, nkulowa m'nyama mbali zonse ziwiri.

Analipukuta paudzu, nkulitembenuza. "Nthiti ya mbuzi iyi. Kuno mbuzi inaphedwa liti?"

Ndinakumbukira. Ndine ndemwe ndinabwera nalo fupalo kuchokera kuphwando la ubatizo, nkumponyera ndikuimba nyimbo. Makolo anga osauka ankanamiziridwa mkwiyo, pamene lolakwa linali dzanja langali.

Atsibweni anamtsuka m'kamwa ndi madzi ofunda a mchere, nkunena kuti ndizimpatsa phala lokhalokha mpaka zilonda zitapola. Asanachoke, Alekeni anali atamaliza phale lonse nkumanyambita pansi. Ndinagwada, ndinati, "Atsibweni, ndinakulakwirani." Iwo anazula mkondo wawo nkuti, "Utsi uja ukununkhabe?" Ndinalira, iwo akuseka. Masiku amene galuyo ankachira, ndiwo ankakhala kumunda kwanga ndi uta wawo, ndipo chimanga chotsalacho ndinakolola. Mphaka uja anatulukira yekha pansi pa nkhokwe ya amayi, tiana tinayi tikumtsatira. Amayi anangoti, "Ha!" nkusankhapo kamodzi.

Atsibweni sanalowe kalasi, ndisakunamizeni. Kudambwe amapitabe. Koma chimanga choyamba chaka chino ndinakatula pakhomo pawo, ndipo ndimawatchula m'pemphero ndi mtima wina, osati uja wakale. Ine ndinapempha mzungu wa bokosi, Mulungu ananditumizira munthu amene ndinkamulambalala panjira, atanyamula mkondo. Ndikuthokoza Ambuye amene anamva pemphero la mkazi wokhala pansi m'njira, ufa wa nsembe uli pamiyendo.

Inu amene mwatopa, musataye mtima, ngakhale pemphero lanu latsala mawu awiri okha. Musamuuze Mulungu njira yodzera. Ndipo chimene mukuchiopacho, pempherani, inde, koma senderani pafupi muchiyang'ane m'kamwa.

Amuna anga sanabwerebe. Chino ndi chaka chachinayi, ndipo a ulendo ochokera ku Halale akadutsa palibe amene amadziwa za iwo. Ndikadatopabe, sindibisa. Koma m'mawa uliwonse tikamapita kumunda, Alekeni amaima pamphambano nkuyang'ana njira ya kumwera, ine nkumudikira. Anati adzampeze. Mundipempherere kuti abwere, chifukwa galu wawo alipo.