Nkhata Yotsalira Pageti

Malemu Mayi Rosina Nangozo anabadwa pa 9 Juni 1961 ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo, Fraser. Abusa andipempha kuti ndifupikitse komanso ndiyankhule mofatsa. Kufupikitsa ndiyesetsa, koma zofatsazo, abusa, mundikhululukire.

Sukulu ya pulayimale anaphunzira kwathu komweko, ya sekondale ku Dedza, ndipo mu 1983 anamaliza maphunziro a uphunzitsi. Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, anthu othawa kwawo anadzaza m'midzi yathu ya m'malire. Mu 1988 malemu anasiya choko n'kuyamba ntchito yomasulira pamsasa wa anthuwo.

Kumeneko anakumana ndi Bambo Butrus Najjar, Mpalestina wojambula makanema. Makolo awo anathamangitsidwa m'mudzi wina wa ku Galileya, Galileya yemweyu timamuwerenga m'Baibulo, ndipo Bambo Butrus anabadwira mumsasa ku Lebanon. Anali m'gulu la Aarabu amene ankati kanema si wongosangalatsa anthu ayi, ndi umboni. Pokonza ukwati mu 1991, ife akubanja tinafunsa za kwawo kwa mkamwini, monga mwa mwambo, kuti ankhoswe akaoneko. Anatchula dzina la mudzi bwinobwino, kenaka n'kutiuza kuti sanaupondepo chibadwire, ndipo nyumba zake zinagumulidwa kalekale.

Mu 1995 anasamukira kuno ku Nairobi n'kukhazikika ku Ngong. Ambiri a inu amene munabwera kuno muli ana a sukulu mukukumbukira za Loweruka kunyumba kwawo: nsalu yoyera pakhoma, makanema a Chiarabu onena za nkhondo ndi misasa, malemu ataima pambali akumasulira m'Chichewa mpaka mawu kusasa.

Ntchito imene Bambo Butrus anaikapo mtima wonse inali imodzi. Anabwerera kumsasa kumene anabadwira n'kukajambula nkhalamba za kumeneko, mayi awo omwe, aliyense akutchula dzina lake, mudzi umene anachokera, chitsime chimene ankatungako madzi ndi amene anayandikana naye nyumba. Nkhalamba zimenezo zonse zinapita. Bambo Butrus nawo anatisiya mu 2012 kanemayo asanathe, ndipo matepi anawasiya m'manja mwa malemu.

Mu 2019 kunabwera munthu wina, Mmalawi mnzathu, amene malemu anamusunga m'nyumba ali pasukulu, wodya mbale imodzi ndi ana awo. Dzina lake sinditchula, ndipo chifukwa chake muchimva. Anati matepi akuwonongeka, awatenge akawasamutsire mu kompyuta kubungwe kumene amagwira ntchito. Malemu anamupatsa, poti anali mwana wa m'nyumba. Chaka chotsatira tinaona kanema wa bungwelo. Nkhope zinali zomwe zija, milomo ikugwedera, koma mawu atawachotsa n'kuikamo nyimbo yomvetsa chisoni. Mayina a midzi anawadula onse, ati angakhumudwitse opereka thandizo. Ngakhale liwu loti Palestina munalibe. Dzina lokhalo limene linaoneka, kumapeto, m'zilembo zikuluzikulu, linali lake. Anthu anathamangitsidwa kale m'midzi yawo, iye n'kudzawathamangitsanso mu kanema wa mwana wawo. Manyazi alibe munthu ameneyu!

Malemu anayenda, anthuni. Kukwera minibasi zija amati matatu kuno, kuchokera ku Ngong, kukaima pageti la ofesi dzuwa lili phwee, n'kuuzidwa kuti bwana ali pamsonkhano. Lero ati matepi ali kwa mnzake ku Kawangware, mawa ati anasokonekera posamuka. Mu Ogasiti 2023, atangofika kunyumba kuchokera pageti lomwelo, anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo zinafa, kuyankhula kunavuta. Koma mayina a midzi ija anali nawo pamtima, chifukwa anawamasulira kambirimbiri, ndipo ali chigonere anawaphunzitsa ana awo, lilime likulemera choncho, mpaka anawo anawagwira. Anamwalira Lachiwiri pa 4 Malichi 2025, matepi asanawaonenso.

Lero m'mawa munthu uja wabwera ndi nkhata yaikulu kuposa zonse, ya maluwa oyera, dzina lake lili pa riboni. Ali pakati pathu pano. Musatembenuke, akudzidziwa yekha. Mwambo wathu mukuudziwa: kumanda munthu saika nkhata asanaitanidwe, ndipo woitana mayina lero ndine. Iwe unadula mayina a anthu akufa, ine ndadula lako. Nkhata yako taiika pageti, ifotere pomwepo padzuwa monga unkaimikira mlongo wanga. Nthawi imene ukanaitanidwa, ana a malemu atchula midzi ija umodziumodzi, mokweza, ndipo uimva. Kuyambira lero, pamaliro alionse ndi paukwati ulionse wa Amalawi muno mu Nairobi, ndizikufunsa za matepiwo pamaso pa anthu. Ndinapuma pantchito ine, nthawi ndili nayo.

Malemu asiya ana awiri, Luso ndi Pempho, mdzukulu mmodzi, Watipa, ndi ife abale awo atatu amene tatsala. Tikuthokoza Mayi Magdalene, oyandikana nawo nyumba, amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza osatopa, amayi a mpingo amene aimba chiyambire zovutazi, ndi ana a sukulu, Akhristu ndi Asilamu omwe, amene ankasinthana kuchipatala. Malemu tikukawagoneka pambali pa amuna awo, m'dothi limene si la kwawo onse awiri.

Achemwali anga, mzimu wanu uuse mumtendere. Koma mwini nkhata ili pagetiyo, mtendere asauone mpaka mawu a nkhalamba zija atabwerera m'nyumba imene anawatenga.