Zigubu za a Silvesta

Chiwauzireni anesi a ku Mauwa kuti BP yawo siyifunanso mchere, a Silvesta, bambo amene sanagwirepo ndowa chikwatirireni, anayamba kulawirira panjinga ndi zigubu ziwiri kukatunga madzi kuchitsime cha kudambo. Mjigo uli kuseri kwa nyumba yawo, koma pafupi ndi chitsimecho pamakhala Misozi, mkazi wamasiye, ndiye lero akazi awo a Esnat anawadikirira pakhomo atawamangira kale zovala m'chitenje.

"Mwatunga?"

"Ndatunga."

"Misozi wadzuka bwanji?"

"Sindinamuone. Ine ndimatsata madzi."

A Esnat analoza mjigo ndi mlomo, n'kufunsa ngati zotuluka m'menemo ndi palafini. A Silvesta anati madzi amasiyana, izi sizoti aliyense angazimve. A Esnat anavomera kuti amasiyanadi, poti ena ali ndi mkazi wamasiye pambali. Anawakumbutsanso kuti mudzi uno ndi wa amayi awo, a Silvestawo anangobwera ndi njinga yomweyo, ndipo msewu wa kwawo ku Ndunde sunatsekedwe.

"Tchulani chimene chili kudambo chimene kuno kulibe. Apo ayi, katundu wanu uyo."

A Silvesta anayang'ana mtolo, anayang'ana zigubu.

"Mchere," ananong'ona.

"Misozi wayamba kugulitsa mchere?"

"Lawani madziwo, mayi a Chipiliro. Dothi la kudambo lija ndi lamchere. Simuona zoyera zija m'mbali mwa chitsime nthawi yachilimwe? Anesi analetsa wa m'paketi. Wa Mulungu sanautchule. Mukaphikira madzi amenewa, nandolo amakoma ngati kale."

A Esnat anaviika chala m'chigubu, analawa, n'kukhala pamtolo paja.

"Ndiye miyezi itatu yonseyi mumapalasa njinga chifukwa cha ndiwo?"

"Nanga."

"Madzi anuwa ine sindiphikira, bambo. Nandolo sapsa nawo, sopo sachita thovu. Ndimazirira pakhonde, otsala amamwa ndi mbuzi."

A Silvesta anatsamiritsa njinga kukhoma pang'onopang'ono.

"Nanga mchere ndimaumva m'ndiwo uja?"

"Ndimatsinako wa m'paketi. Mumadya momvetsa chisoni, ngati muli pamaliro."

Bambo aja anagwira pachifuwa, maso ali tong'o.

"Mayi inu, mukufuna kundipha? Simunamve zimene ananena anesi zija?"