Ndinanamizira Mphenzi Chifukwa cha Mazabodi Yonyezimira

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno ku mapiri a Dowa. Ine ndine mphunzitsi wa ku Msakambewa, ndipo kumpingo kwathu ndine woyang'anira kompyuta. Chimene chinandizunza chaka chatha si matenda kapena njala ayi. Linali bodza, ndipo ndinalinena ndine ndi pakamwa panga, kwa mayi wamasiye.

Malemu a Chidzanja anatsogolera kwaya yathu kwa zaka zambiri, ndipo nyimbo zonse ankazijambula pa kompyuta yakale ya kutchalitchi. Mawu awo sanasungidwe kwina kulikonse koma mu hadi disiki ya kompyutayo, ija yachikale yolumikiza ndi chingwe chophwatalala ngati lamba. Atamwalira, akazi awo, mayi Nachisale, anandipempha chinthu chimodzi chokha: kuti pa tsiku la chiliza, tikatha kukolola, anthu adzamve amuna awo akuimba. Ndinalonjeza modziguguda pachifuwa.

M'dzinja mphenzi inagwa pafupi ndi tchalitchi n'kupsereza mazabodi, bolodi lalikulu lija la m'kati mwa kompyuta pomwe zipangizo zonse zimalumikizidwa. Akuluampingo anandituma kukagula ina. Ndinayambira ku kampu ya othawa kwawo ya Dzaleka, kwa a Kabeya, bambo wa ku Congo amene amakonza makompyuta m'kachipinda kodzaza nthambo. Anandipanikiza ndi mafunso: disiki yanu ili ndi chingwe chotani, khadi lojambulira mawu limalowa pa mpata wautali bwanji, nanga kutsogoloku mudzafuna kuwonjezera chiyani? Kenako anatulutsa mazabodi yogwirapo kale ntchito, yafumbi lokhalokha.

"Aphunzitsi, tengani iyi," anatero. "Ili ndi polowera zakale ndi zatsopano zomwe, ndipo mipata iwiri ikutsala. Bolodi sagula usanawerenge zomwe uli nazo."

Ndinaseka chamumtima. Ine wa satifiketi ya makompyuta, ndiphunzitsidwe ndi munthu wa m'kampu? Ndilembe monga zinalili, ngakhale manyazi akundigwira: ndinawapeputsa chifukwa ndi othawa kwawo. Ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe n'kukagula yatsopano, yaying'ono, yonyezimira m'katoni yake. Wogulitsa sanandinamize, ndine amene sindinafunse kanthu, ndipo paja safunsa anadya phula.

Nditafika kunyumba ndinaona chikomekome cha mkuyu. Khadi la mawu linalibe mpata wolowapo, chingwe cha disiki chinalibe polumikiza. M'malo modekha ndinapsa mtima. Ndinatenga disiki ija kupita nayo ku kompyuta ina yakale ya kusukulu, ndipo mwaphuma ndinakankha chingwe chozondoka ndi mphamvu zanga zonse. Timano tiwiri ta disiki tinapindika, ndipo disikiyo inangoti zii.

Lamlungu lotsatira mayi Nachisale anandidikira panja pa tchalitchi kuti amve momwe ndayendera. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Amayi, mphenzi ija inadya zonse." Iwo anati, "Zikatero ndi za Mulungu, aphunzitsi. Inu mwayesetsa." M'mawa mwake anabwera okha kunyumba kwathu ndi beseni la mtedza, eti kudzandithokoza.

Abale, mtedza umenewo sindinalawe ngakhale umodzi. Ndikauona pakona mtima unkandilasa. Ndinali nditawononga mawu a munthu wakufa, ndanamiza mkazi wake, ndipo mlandu ndausenzetsa mvula ya Mulungu. Tsiku la mgonero litafika ndinatuluka nyimbo isanathe, n'kukaima kuseri kwa tchalitchi ngati wodwala m'mimba. Kumeneko ndinapemphera pemphero losalongosoka. Za disiki sindinatchule n'komwe, ndinangopempha kuti Ambuye andichotsere mantha onena zoona.

Mkazi wanga ndiye anandigwira. "Bambo a Thoko, kodi mtedza wa amayi aja uli ndi anankafumbwe, poti mukuuzemba chonchi?" Ndinamuuza zonse, osasiyako. Sanandinyoze, koma sanandinyengererenso. Anati ndibwerere kwa munthu amene ndinamupeputsa uja, ndipo ndikayambe ndi kupepesa.

Ndinamangirira kompyuta yonse pa kabaza mpaka ku Dzaleka. Ndinapepesa kwa a Kabeya, ndipo ndinawafotokozera za a Chidzanja ndi za chiliza. Mazabodi yafumbi ija anali ataiika kale mu kompyuta yawo yogwirira ntchito. Anazimitsa kompyutayo, anaimasula, n'kuchotsamo bolodi lija, ndipo yanga yonyezimira anaitenga m'malo mwake. Kenako anavala magalasi, anatenga kachubu kopanda inki ka bolopeni, n'kuyamba kuwongola timano tija pang'onopang'ono. Anati kamodzi kakathyoka, zathera pomwepo. Ine ndinakhala pa benchi masana onse, thukuta lili kamukamu, milomo ikupemphera.

Nditawafunsa chifukwa chake akuvutikira munthu wowanyoza, anayankha osadzutsa mutu. "Pothawa kwathu sindinatenge ngakhale chithunzi cha amayi anga. Mawu awo ndayamba kuwaiwala."

Dzuwa litapendeka analumikiza chingwe, anabaya khadi la mawu pa mpata wake, n'kuyatsa. Disiki inalira ngati njinga yosowa oyilo, kenako m'kachipinda muja munamveka besi ya a Chidzanja. Ndinalira pamaso pa anthu odutsa. A Kabeya anaika disiki yatsopano pa polowera pena pa bolodi lomwelo, n'kukopera nyimbo zonse nthawi yomweyo, zina anandiikira m'foni.

Chotsala chinali chovuta kuposa zonse. Ndinawapeza mayi Nachisale akutonola chimanga pakhonde. Ndinagwada n'kuwauza kuti mphenzi inapsereza bolodi lokha, koma disiki ndinaiwononga ndine chifukwa cha matama, ndipo ndinawanamiza. Kenako ndinayatsa foni. Zinangochitika kuti inayambira pa tsiku lina lophunzira nyimbo, pomwe kwaya ikuimba ndipo a Chidzanja akuidula pakati: "Imani, imani! Nachisale, mwalowa msanga. Kunyumba changu, kunonso changu?"

Mayi aja anaseka mpaka chitsononkho chinagwa m'manja, kenako anadziphimba kumaso ndi chitenje. Atapukuta misozi anandiyang'ana. "Ndinadziwa tsiku lomwe lija, aphunzitsi, poti munkayankhula ndi nsapato zanu. Mtedza uja ndinkakuitanirani."

Ndinakaululanso kwa akuluampingo, ndipo anandidzudzula koyenera. Pa chiliza a Chidzanja anaimba, a Kabeya atakhala pa benchi lakutsogolo pamodzi ndi abale a malemu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipulumutsa kudzera m'manja amene ndinawanyoza. Inu amene mukufuna kusintha mazabodi, yambani mwatsegula kompyuta yanu, muwerenge zakale zomwe muli nazo ndi zomwe mudzafune mawa, ndipo mufunse ngakhale kwa wooneka wafumbi. Koma makamaka inu amene mwasenza bodza ndipo mukuzemba mgonero monga ndinkachitira ine, musataye mtima. Pempherani, dzukani, pitani. Mwina amene mukumuopayo anadziwa kalekale, akungodikira kuti mufike pakhonde pake.