Mbuzi ya Chikole ya Alamu Anga

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga ndi inu nonse ana a Mulungu, mtendere ukhale nanu. Ndaima pano, ngakhale mawondo akukana, kuti ndichitire umboni zimene Ambuye andichitira chaka chino. Ndikupemphani kuti musaseke msanga, pakuti ine nkhaniyi ndinaisenza ndi misozi.

Mukudziwa kuti ndine wamasiye, ndipo ndimakhala pa malo a esiteti ya tiyi pamodzi ndi mwana wanga wamkazi ndi adzukulu. Pamenepo ndi pamene amayi anga anatula katundu atachoka ku dziko la Apwitikizi, ndipo manda a amuna anga ali kuseri kwa nsungwi. Koma malowo si athu. Mzungu wa esiteti akangoti chokani, munthu umazula mitengo ya nyumba n'kumapita.

Nthawi ya msonkho kunabwera alamu anga, ang'ono awo a malemu amuna anga. Dzina sinditchula, pakuti ndi munthu wamkulu. Anakhala pakhonde nati, "Alamu, amesenjala ali pafupi, ndipo ine ndilibe ngakhale kobiri. Ndibwerekeni mashileni asanu ndi limodzi." Ndalamazo ndinali nazo, za nandolo amene ndinagulitsa ku Boma. Ndinawapatsa, ndipo iwo monga mwa mwambo anasiya chikole: mbuzi yaikazi, yakuda, yong'ambika khutu. Tinali awiriwiri. Mboni sindinaitane, chifukwa kuitanira mlamu wako mboni kuli ngati kumutcha wakuba asanabe.

Abale, mbuzi ndaziona m'moyo wanga, koma iyi inali ina. Inadya chingwe chake. Inadya denga la nkhokwe. Inadya mpango wanga wa Lamulungu nditauyanika. Ndikaimanga ndi luzi, iyo inkayesa kuti ndaipatsa chakudya. Tsiku lina ndili kumunda inatsikira ku nazale ya esiteti, kumene amalera mbande za tiyi pansi pa mthunzi wa udzu. Inayamba ndi udzuwo, kenako mbandezo, mzere ndi mzere, mwadongosolo loposa la anthu othyola tiyi.

Kapitawo wa esiteti anaigwira naitsekera m'khola mwake. Uthenga unabwera wakuti mwini mbuzi alipire paundi imodzi, apo ayi achoke pa malo a esiteti. Paundi, abale. Ine paundi yathunthu sindinaigwirepo m'manja.

Ndinapita kukauza alamu, ndipo tinatsagana kwa kapitawo. Iye anafunsa, "Mbuziyi ndi ya yani?" Ine ndinayang'ana pansi, kudikira kuti mwamuna ayambe kulankhula. Alamu anaisuzumira nthawi yaitali nati, "Ine ndangoperekeza alamu angawa. Chiwetochi ndikuchiona koyamba."

Mbuzi itamva mawu awo inalira, inatulutsa mutu pakati pa mitengo ya khola, niyamba kunyambita dzanja lawo.

Kapitawo anati, "Bambo, mlendoyu akuoneka kuti akukudziwani."

Iwo anati, "Ndagwira mchere kunyumba."

Ndikanatha kulankhula pamenepo. Koma amayi anzanga mukudziwa. Munthu amene anagula nsalu ya maliro a amuna ako, amene ana ako amamutcha atate, sungamuuze pagulu kuti mukunama. Mawu amenewo akatuluka sabwerera. Ndinangoti, "Mbuziyi imagona pakhomo panga." Kapitawo anati iye si woweruza za pachibale, natitumiza ku khoti latsopano lija la amfumu, kuti likatchule dzina la wolipira.

Masiku amenewo sindinkadya bwino. Mwana wanga ankati, "Amayi, ulemu wanuwu utigonetsa kutchire." Ndinakafunsa mkulu wina wa mpingo uno amene anagwirapo ntchito ku Boma. Anandiuza mosabisa kuti popanda mboni, chiweto chimakhala cha munthu amene chimagona kwake, ndipo mlandu wake ndi wa yemweyo. Ndinayamba kuyang'ana mitengo ya nyumba yanga, kuona imene ingazuke osathyoka. Ndinapemphera kuti, Ambuye, pakamwa panga ndatseka chifukwa cha chibale. Ndatseka, Ambuye. Ngati pali pakamwa pena, tsegulani Inu.

Tsiku la mlandu linafika. Alamu anaima, nanenanso mawu omwe aja, ndipo tsopano anawakometsa. Anati iwo chibadwire saweta mbuzi zakuda, pakuti sizigwirizana ndi magazi awo. Oweruza anandifunsa ngati ndili ndi mboni. Ndinati ndilibe. Anati, "Mayi, tikumva chisoni, koma mlanduwu ukugwerani."

Asanamalize, kapitawo anaimirira kuti adandaule. Anati watopa kusunga chiweto cha eni, chadya kale chitseko cha khola lake, ndipo dzulo lake chabereka ana awiri, onse aakazi, onenepa. Anafunsa kuti atatuwa apite kwa yani.

Oweruza anati, "Popeza mbuzi ndi ya mayiwa, ananso ndi awo."

Abale, sindinaonepo munthu wa msinkhu wa alamu akuimirira mwaliwiro lotere. Anati, "Ayi, pamenepo ndiye ayi. Chikole chikaswa, ana ndi a mwini wake, mwambo umenewo aliyense amaudziwa. Mbuzi imeneyo ndinaigula ndekha kwa Mphuka, ndipo inachoka kwanga ili kale ndi bere."

Alamu anamva mawu awo omwe mochedwa, nayamba kukhala pansi pang'onopang'ono.

Oweruza anati, "Imani pomwepo, bambo. Anawo ndi anu?"

Anati, "Ndi anga."

"Nanga pakamwa pamene panadya tiyi ndi pa yani? Ife sitinaonepo mbuzi imene kumbuyo kuli kwa munthu wina, kutsogolo kwa munthu wina."

Chigamulo chinali chakuti paundi ija alipire iwo, ana a mbuzi akaleka kuyamwa atenge, ndipo mayi wawo akhale kwa ine kufikira ngongole itabwezedwa. Ndinatuluka m'khoti muja osanena ngakhale liwu limodzi lonyoza alamu anga. Nyumba yanga ilipo. Adzukulu anga akugona pamene amagona, ndipo manda a amuna anga ndikuwasesa ndekha.

Alamu anagulitsa fodya wawo kuti alipire paundi ija, koma anaperewera mashileni atatu. Anabweranso pakhonde panga, chipewa chili m'manja, nati, "Alamu, ndithandizeninso. Chikole nditula tiana tija." Ndinawayankha mwaulemu kuti ndalama ndiwapatsa, pakuti chibale sichitha, koma chikole chokhala ndi mano sindilandiranso. Ndinaitana mboni ziwiri, ndipo anasiya jekete yawo ya kutchalitchi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandisungira nyumba, nandisungiranso abale. Ndikuthokoza inu amene munandipempherera. Tsopano kondwerani nane, amayi, imbani nthungululu. Koma ndikupemphani chinthu chimodzi: ngati kumbuyoko kuli bambo wina amene wabwera ndi malaya okha m'chisanu chino, musatembenuke. Ndi wachibale wanga.