Ankati Mwana Wanga Ndi Wamwano

Moni aulutsi ndi omvera nonse. Ndine mayi wa kuno ku Bembeke, ndipo nkhani yanga ndi ya mwana wanga wamwamuna.

Ali ndi zaka zinayi ndinamulowetsa sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu. Alezi ake, amayi ongodzipereka amene ntchitoyo sanaiphunzire, ankadandaula kuti ndi wamwano, akamuitana sayankha. Ankamugwaditsa panja m'mawa kukuzizira, anzake akuimba m'kati.

Kenako kunabwera mtsikana wina wa ku koleji, wophunzira uphunzitsi wa ana aang'ono, kudzayeserera ntchito. Tsiku lina anaima kumbuyo kwa mwanayo n'kuwomba m'manja mwamphamvu. Mwana sanatembenuke.

Mtsikanayo anandilondola kudimba. “Mayi, mwana wanu si wamwano ayi,” anatero. “Sakumva.”

Kuchipatala anati tinachedwa, mafinya amene ankatuluka m'makutu mwake anali atawononga kale m'kati.

Lero mwanayo akangoona khomo la sukuluyo amandikakamira chitenje. Alezi aja sindiwada, palibe anawaphunzitsa. Koma inu oyendetsa maphunziro, titumizireni aphunzitsi odziwa za ana kumidzi kuno. Mtsikana uja anabwerera ku koleji, ndipo m'mudzi mwathu simunabwerenso wina.