Kaliyala wa Thokozire

Mayi Felesita anasiyira mnzawo benchi la tomato pamsika wa Kawale, n'kulowa mu ofesi ya aphunzitsi a Gilford atanyamula chinthu cholemera chokulunga m'chitenje. Dzulo lake mwana wawo Thokozire, amene anali atangoyamba Fomu 3, anawauza zinthu ziwiri: kuti akuitanidwa kusukulu pa nkhani ya "kaliya" wake, ndiponso kuti asakasayine pepala lomuika m'kalasi ya zophikaphika, poti iye akufuna sayansi. Chachiwiricho anangochimvera m'khutu limodzi. Choyambacho ndiye chinawadula chilakolako cha tiyi, chifukwa kaliyala wa njinga ya kunyumba Thokozire anamuwotcherera ndi miyendo ya desiki imene anatola kudzala la sukulu yomweyi.

A Gilford, mlangizi wa ana pasukulupo, anali atalemba kale dzina la Thokozire ndi pensulo pansi pa zophikaphika. Ku sayansi kunatsala malo amodzi, ndipo mndandanda unkayenera kufika kwa ahedi isanakwane thwelofu.

"Mayi, nkhani ya kaliya wa mwana wanu si yaing'ono," anayamba motero.

"Ndikudziwa, Aphunzitsi. Ingonenani chilangocho, tomato wanga akufewa."

"Chilango ayi. Ife tikufuna kaliya amene adzamunyamule moyo wake wonse, n'kudzanyamulanso inuyo."

"Ine wandinyamula kale kawiri. Ulendo wina mpaka ku Area 23, kumaliro."

A Gilford anawayang'anira pamwamba pa magalasi. Anaganiza kuti mayiwa ndi aja oyankhula mophiphiritsa, ndiye anangogwedeza mutu n'kufunsa kuti mtsikanayo anayamba liti kuganizira za kaliya wakeyu.

"Chaka chatha, atathyoka."

"Anathyoka? Ife sitinamve. Chinachitika n'chiyani?"

"Bambo ake anamusenzetsa matumba awiri a makala."

"Matumba awiri? Mayi, imeneyo ndi nkhanza."

"Ndinawauza. Anati ena amanyamula anayi osadandaula."

A Gilford analemba kenakake m'mphepete mwa pepala, n'kudula mzere kawiri. Mayi Felesita ataona pensuloyo ikuyenda, anakokera mtolo wawo pafupi ndi miyendo. Aphunzitsiwo anafotokoza kuti pa Fomu 3 pali njira ziwiri, ndipo mwana akasochera pano ndiye kuti wasochera mpaka kalekale. Iwo monga kholo ankaona kuti adutse iti?

"Ya ku Biwi ili ndi matope mwezi uno. Amadutsa ya kumsika."

"Ndikunena njira ya maphunziro, Mayi."

"Ndi yomweyo imene amabwerera kusukulu kuno."

Apa a Gilford anavula magalasi, n'kuyamba kulongosola pang'onopang'ono ngati akuyankhula ndi ana a Fomu 1, kuti kaliya ndi mawu a Chingerezi, kutanthauza ntchito imene munthu adzagwire akamaliza sukulu. Mayi Felesita sanakhulupirire ngakhale pang'ono. Anali atagulitsa pamsika zaka zambiri, ndipo ankadziwa kuti munthu akayamba kukuzungulira ndi Chingerezi ndiye kuti wakupeza kale ndi mlandu. Anamasula chitenje, nanyamula kaliyala uja n'kumuika patebulo, pamwamba penipeni pa mndandanda.

"Ndi uyu. Miyendo iwiriyi ndi yanu, ya desiki, anatola kudzala. Zinazi ndi zathu. Dulani zanuzo, koma mwana asachotsedwe sukulu."

"Ichi n'chiyani?"

"Chimene mwandiitanira."

"Mayi, ine sindikunena kaliyala wa njinga."

"Ndiye wa chiyani? Galimoto tilibe."

A Gilford anafuna kumukankhira pambali, koma dzanja lawo linaima pamene zitsulo zinalumikizana. Panali posalala, popanda zotupatupa zija amasiya anyamata owotcherera akamathamangira kasitomala wina. Anamutembenuza, namugwedeza, nayesa kumupinda. Atafunsa amene anawotcherera, mayiwo anayankha monyinyirika kuti ndi Thokozire mwini wake, Loweruka lina kwa amalume ake ku Mchesi. Anayamba wajambula ndi rula kumapeto kwa kope, nayeza tayala ndi ulusi, ndipo amalumewo anangomubwereka makina ndi magalasi akuda.

"Ntchito yabwino," anavomera a Gilford, akubwezera magalasi awo pamphuno. "Komabe kwa mtsikana zophikaphika n'zothandiza. Mahotela akuchuluka mu Lilongwe muno."

"Thokozire? Akateleka nyemba Lolemba timadya Lachitatu."

"Adzaphunzira."

"Poto amene anapsereza mwezi watha anamuikira yekha chogwirira chatsopano. Kuphika kwake n'komweko."

"Mayi, ine ndalangiza ana zaka khumi ndi ziwiri."

"Pa zaka zimenezo, uyuyu munamufunsapo?"

A Gilford anali asanamufunsepo. Anali atangoona kuti ndi mtsikana wofatsa wokhala kumbuyo, basi. Anatsegula kabati mosafuna, nafufuza zotsatira za Fomu 2, chala chikutsika pamndandanda wa mayina. Chitafika pa masamu a Thokozire chinakhalitsa pamenepo. Mayi Felesita anayang'ana wotchi ya pakhoma, nakumbukira pepala limene anauzidwa kuti asasayine, n'kupinda manja.

"Ngati ndi la zophika lija, dzanja langa likupweteka."

A Gilford anasolola mndandanda pansi pa kaliyala, nafufuta pamene analemba ndi pensulo, n'kulemba dzinalo ndi bolopeni pamalo otsala a sayansi. Anati Thokozire akakhoza bwino Fomu 4, kuli sukulu za ntchito zamanja, mwinanso uinjiniya. Za miyendo ya desiki aiwale, poti kuseri kwa laibulale kuli mulu wonse wongochita dzimbiri. Mayi Felesita anasayina, zilembo zikuluzikulu, n'kuyamba kukulunga katundu wawo.

Atafika pakhomo anamva aphunzitsi akukhosomola. A Gilford ankayang'ana pawindo, pamene njinga yawo inatsamira mtengo wa mango. Kaliyala wake anali wopendekera mbali imodzi, womangidwa ndi mphira za chubu ndi waya wa hang'ala ya zovala.

"Mayi, kodi Thokozire Loweruka likubwerali ali ndi mpata? Wangayu wakhala chonchi chaka chachitatu."

Mayi Felesita anayang'ana njingayo, kenako mwini wake, n'kusenza mtolo pamutu.

"Mubwere ku Mchesi eyiti koloko, Aphunzitsi. Koma nkhani ya kaliya si yaing'ono. Mubwere ndi kholo lanu."