Buluku la Jaffalie

Jaffalie atabwera kutchuthi kuchokera ku Sudani, kumene ankaphunzira Chiarabu akukhala pakhomo pa bambo wina dzina lake Ibrahimu, buluku lake lakale linakana kutseka. Anapita nalo kwa amalume ake a Bakali, telala wa pakhonde la sitolo ku Mangochi, osadziwa kuti akwawo kwa Asiatu, mtsikana amene anamutomera, anali atadandaula kale kwa amalumewo ngati nkhoswe: masana omwewo ankafuna kumva ngati mnyamatayo adakali wawo, apo ayi chitomero chithe.

"Kweza manja," anatero a Bakali, akumuzunguliza tepi m'chiuno. Anayang'ana tepiyo, kenaka mnyamatayo. "Unachoka kuno uli ngati usipa wouma. Amakuphikira ndani?"

"Mayi a pakhomopo, amalume. Nthawi zina ana awo aakazi."

"Ana aakazi. Alipo angati?"

"Atatu."

"Wako ndi uti?"

"Wanga bwanji? Ngakhale nkhope zawo sindizidziwa bwino. Amaika chakudya pakhomo n'kuthawa."

"Amene amathawa kwambiri ndi uti?"

Jaffalie anaganiza mofatsa, poti sankakonda kuyankha zongopeka. "Wapakati. Ameneyo ali ndi liwiro."

"Ndi ameneyo," anatero a Bakali, akugwedeza mutu. "Nanga mayiwo, mumadyera limodzi?"

"Ayi. Amuna kwawo, akazi kwawo. Akafuna kundilankhula amaima kuseri kwa chitseko."

"Mukakumana panjira?"

"Amakokera nsalu kumutu, ine n'kuyang'ana pansi."

A Bakali anakoleka tepi m'khosi n'kukhala pansi mwapang'onopang'ono. "Mwana wa mlongo wanga, ine ndaimira maukwati kuyambira iwe usanamere mano. Mayi amene amakuthawa panjira ali ndi dzina limodzi lokha. Apongozi."

"Ayi, amalume, dzina lawo ndi a Hana."

"Usandiphunzitse. Tsiku limene unafika anachita chiyani?"

"Anapha nkhosa."

"Eya. Anthu anabwera?"

"Mzere wonse wa nyumba. Ndi shehe yemwe."

"Shehe anadzatani?"

"Anawerenga duwa, pemphero la madalitso lija, tonse titatambasula manja. Atatha, a Ibrahimu anandigwira paphewa n'kunena kuti kuyambira lero nyumba ino ndi yako, ndiwe mwana wathu."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinavomera. Chiarabu changa chinali chidakali chochepa, ndiye chilichonse ndinkangovomera."

A Bakali anavula chisoti, n'kudzikupiza nacho. "Nkhosa, shehe, mboni, iwe n'kuvomera. Anakukwatitsa uli maso, popanda nkhoswe, ine ndili pano ndikusoka zigamba."

"Ndi mmene amalandirira mlendo kumeneko. Ndi dziko lina, amalume. Ngakhale pamsika safunsa khadi la chipani."

"Za makadi zisiye, pakhonde pano pamadutsa anthu," anatero a Bakali motsitsa mawu, akusuzumira kumsewu. "Ife tikukamba za Asiatu. Akwawo akubwera tikatuluka mu mzikiti, swala ya masana ikatha. Akuti mwamuna wogona pakhomo pa eni, kudya za eni chaka chathunthu, kwathu kuno timati mkamwini. Ndikawayankhe chiyani?"

Apa Jaffalie anachita mantha enieni, pakuti Asiatu ankamukonda, ndipo ku Sudani konse kuja ankagona akumuganiza. Anapisa m'thumba msangamsanga n'kutulutsa kabotolo ka mafuta onunkhira.

"Muwaonetse aka. Akwa a Ibrahimu amamudziwa Asiatu, ndinawauza. Mphatso yake ndi iyi."

"Wapereka ndani?"

"Wapakati uja. Anatuma mng'ono wake."

"Mayo ine." A Bakali anagwira kumutu. "Mkazi wamkulu wayamba kale kulonjera mnzake."

"Amalume, wallahi, sindinakwatire."

"Aliyense amatero chaka choyamba. Chabwino, madzi akatayika saoleka. Tiye tione mmene tingawauzire anthuwa mwaulemu. Munda anakupatsa waukulu bwanji?"

"Munda wa chiyani?"

"Woti uzilima, nanga. Apongozi azidya chiyani?"

"Alibe munda. A Ibrahimu amagulitsa nsalu."

"Ndiye umasenza mitolo."

"Ndinayesapo tsiku lina, anandilanda. Akuti manja a wophunzira ndi a buku."

A Bakali anakwinya pamphumi. "Nyumba yako wamanga pati?"

"Ndinapeza chipinda chokonzakonza, bedi ndi nyale."

"Denga la apongozi likadontha amakwera ndani?"

"Mvula yake ndi yosowa, amalume. Silinadonthepo."

"Nkhuni?"

"Amagula makala."

"M'mawa amakudzutsa ndani?"

"A Ibrahimu, kuti tikaswali. Tikabwerako amati ndigonenso pang'ono, mutu upume."

"Ugonenso." A Bakali anabwereza mawuwo ngati akulawa chakudya chachilendo. "Dzuwa litatuluka?"

"Litatuluka."

"Akapha nkhuku amakupatsa chiyani, khosi kapena zipalapaso?"

"A Ibrahimu amasankha mnofu n'kukankhira mbali yanga."

"Koma kukalipira amakukalipira. Usandinamize."

"Anandikalipirapo kamodzi."

"Eyaa." A Bakali anawongoka, nkhope itawala. "Unalakwa chiyani?"

"Ndinadya pang'ono."

A Bakali anali mkamwini kwa akazi awo ku Nkopola kuyambira ali mnyamata: anafolera nyumba za apongozi, za alamu ndi makola a mbuzi omwe, ndipo mpaka lero pamaliro a pamudzipo ankatumidwa kukawaza nkhuni ndi imvi zawozo. Anachotsa tepi m'khosi, nadzizunguliza m'chiuno mwawo, pamene lamba anali ndi mabowo owonjezera obowola ndi msomali. Anayeza, nayezanso Jaffalie, n'kuika zala ziwiri patepi, china apa china apo. Mpata wake unali womvetsa chisoni.

"Bweretsa buluku lija."

Jaffalie anapereka. "Nanga akwawo kwa Asiatu mukawauza zotani?"

"Ndikawauza kuti sunakwatire. Akakana ndikawaonetsa tepi." Anayamba kusomola msoko wa kumbuyo. "Mkamwini sanenepa."

Jaffalie anapuma mozama n'kukhala pabenchi. Ataona amalume ake akupinda nsalu yotsala m'kati mwa msoko m'malo moitambasula yonse, anafunsa ngati sangatulutse yonseyo kuti buluku likhale lomasuka mpaka kalekale.

"Mpaka kalekale?" A Bakali analuma ulusi n'kuulavula. "Ndikusoka mongogwiriza, mphwanga. Munda wa amayi ake a Asiatu ndinauona ine. Ukadzakwatira, ubwere nalo ndidzabweze."